Chigoba Chinakana Nkhope ya Lambros

Pali anthu pamsika pano amene akumanena kuti Lambros Tsiapas anafa ndi umbuli. Pakamwa pawo! Anthu oti thumba limodzi la mbatatesi sangalinyamule osaitana anzawo awiri, lero asanduka madokotala. Imvani kaye mmene zinayendera, kenako mukanene zaumbulizo ngati manyazi anakutherani.

Lambros anagulitsa mbatatesi ndi anyezi zaka makumi atatu ndi zinayi m'misika ya mumsewu kumadzulo kwa Thessaloniki, lero ku Evosmos, mawa ku Stavroupoli, msika ukasamuka nayenso wasamuka. Sukulu anaisiyira panjira ali ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo ake atathyoka msana padoko. Benchi anali nayo limodzi ndi mkulu wake Anestis. Anestis anali munthu wa phee, ntchito yake sikelo ndi chiwongolero cha lole. Tsiku lathunthu ankatha kungolankhula mawu asanu, atatu mwa iwo ali akuti "makilo awiri, mayi". Pakamwa pa benchiyo panali Lambros.

Ndipo panali pakamwa zedi. Mawu ake ankanyamuka pabenchi n'kukagunda khoma la tchalitchi kumapeto kwa msewu. "Tayandikirani, mayi! Iyi ndi ya ku Nevrokopi, yakulira m'chisanu, sinama ngati amuna anu!" Wina akadandaula kuti mbatatesiyo ndi yaing'ono, iye pomwepo: "Inunso ndinu aang'ono, koma taonani mmene anakuthamangirirani kukukwatirani!" Ankakangana ndi aliyense, wa nsomba, apolisi a msika, ngakhale mphepo imene. Koma munthu wa pamsika akamwalira, woyamba kuika phewa pabokosi anali iyeyo. Kutchalitchi ankangopondako pa Pasaka, moti wansembe ankamutcha mlendo, koma mwambo wa akufa ankausunga kuposa lamulo la boma. Ankati amoyo ali ndi pakamwa pawo, akufa alibe wowalankhulira.

Mkazi wake Froso ankasoka makatani kunyumba. Ana sanakhale nawo. Nkhani imeneyo anaikwirira kalekale, ndipo amene ankayesa kuifukula ankalandira mbatatesi yowola pachifuwa.

Matenda anayamba ngati mwanabele wamba kumunsi kwa nsagwada, mbali ya kumanzere. Lambros anati ndi dzino. Anamwa mapiritsi a dzino miyezi iwiri mpaka chotupacho chinafanana ndi dzira la nkhuku, ndiye Froso anamukokera kuchipatala ngati mbuzi yokana chingwe. Atadulako kanyama anapeza kuti ndi khansa ya anabele, ya mtundu wolusa uja wosachedwa kukula. Anamuthira mankhwala a m'diripi maulendo asanu ndi umodzi. Tsitsi linathothoka, nsidze zinapita, ndevu zinapita, chotupa nachonso chinapita. Anabwerera pamsika atavala chipewa, atawonda ngati ndodo, akukuwa kuti khansa yamulawa n'kumulavula chifukwa ndi wowawa. Msika wonse unaseka, ndipo tonse tinakhulupirira.

Patangotha miyezi isanu chotupa chinabwerera pamalo pomwe paja.

M'miyezi yonse ya kudwalayo, ntchito ya anthu awiri inali pamsana pa Anestis, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Kumapeto kwa Januwale, m'mawa wozizira, akutsitsa matumba mu lole, anangokhala pansi n'kutsamira tayala. Anthu anayesa akupumula. Mtima unali utaima. Kumanda Lambros sanalire. Anangouza Froso kuti, "Matumba amene amupha aja anali anga." Kuyambira tsiku limenelo lumo silinakhudze nkhope yake, monga achitira amuna onse a banja lofedwa kufikira masiku makumi anayi atakwana. Ndevu zija zimene mankhwala anazithothola zinali zitabwerera ndi mkwiyo, zokhuthala, zotuwa, zolimba ngati waya wotsukira mapoto.

Ali mkati mwa malirowo, dokotala wake wa magazi, mayi Katsarou, anamuitanitsa. Anali mayi wamfupi, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Bambo Tsiapas, mankhwala akale aja sagwiranso. Yatsala njira imodzi, ndipo chilolezo chake chabwera. Tikutulutsani magazi, tisankhamo asilikali a m'thupi mwanu, tiwatumiza kunja pa ndege. Panopa asilikaliwo akumudutsa mdaniyu ngati sakumuona. Kumeneko akawasula mwatsopano kuti azimudziwa ndi kumupha. Pakatha milungu inayi abwera atawumitsidwa ndi chisanu, tidzawabwezera m'mtsempha mwanu."

"Ndiye kuti asilikali anga akukwera ndege kupita kusukulu," anatero Lambros, "mwini wakene ndege ndimangoionera m'mwamba?"

Dokotala sanaseke. "Vuto ndi milungu inayiyo. Chotupachi sichidikira munthu, ndipo chayamba kale kukankha kholingo. Tiyenera kuchiwotcha ndi cheza, masiku khumi, kuti chifote. Asilikali akamadzafika adzakupezeni muli chiimire, mukudya, mukupuma bwino. Akadzakupezani mwagona, kapena thupi likutentha, sitingakupatseni. Nkhondo yawo ndi yoopsa, thupi lofooka silingaipirire."

"Nanga ife tichite chiyani, a dokotala?" anafunsa Froso.

"Mufike naye pa tsikulo. Basi."

Lachisanu anamukhazika pampando maola anayi, magazi akutuluka mkono uwu, kuzungulira m'makina, kubwerera mkono uwo. Chimene chinatsala chinali kathumba kakang'ono ka timadzi tofiirira. Lambros anakayang'ana, n'kuyang'ana namwino. "Amenewa ndiye asilikaliwo? Koma ndiye taluza nkhondo."

Lachiwiri lotsatira anatsikira naye kuchipinda cha pansi kumene kuli makina a cheza. Froso anatsala pabenchi panja, chifukwa abale salowa. M'katimo munali mayi woyendetsa makinawo, dzina lake Vaya. Anamufotokozera kuti cheza chimafuna munthu asasunthe ngakhale pang'ono, chifukwa kuseri kwa chotupacho kukudutsa mtsempha wa msana. Pachifukwa chimenechi amaumba chigoba cha pulasitiki pankhope ndi pamapewa, chokwana munthu mmodzi yekha, ndipo tsiku lililonse amamuveka n'kuchikhomera patebulo. Ali mkati mofotokoza anayang'ana ndevu zija, n'kupukusa mutu.

"Bambo, izi tikadameta kaye. Lumo lilipo."

"Mkulu wanga ali m'manda masiku makumi atatu ndi atatu. Kamete za bambo ako."

Vaya sanakwiye. Nayenso bambo ake anawaika kale, mwambo ankaudziwa. "Pepani ndi maliro. Ndiye tiumba nazo choncho. Koma zikhale mmene zililimu mpaka titamaliza. Musachepe thupi, musanenepe, musasinthe kanthu."

Tsono mawu amenewa anawanena akumuphimba kumaso ndi pulasitiki wofunda, wonyowa, wobowokabowoka ngati ukonde, anzake awiri akumukanikiza pamphuno ndi pachibwano. Lambros, munthu amene analandapo mpeni kwa chidakwa pamsika dzanja lilibe kanthu, anamva ngati akumukwirira wamoyo. Zandevuzo anazimva, palibe akukana, koma anazimva monga amvera munthu ali pansi pa madzi. Inu amene mumalankhula kwambiri, kagoneni pamenepo mphindi khumi muone ngati mudzatuluke ndi mawu onse m'mutu.

Atatuluka, Froso anafunsa, "Akuti bwanji?"

"Akuti ndizidya."

Anamujambula mkati ali m'chigobamo, namuuza kuti madokotala afuna masiku angapo owerengera njira ya cheza. Abwere Lolemba adzayambe.

Lamlungu lake ndilo linali tsiku la mwambo wa masiku makumi anayi a Anestis. Tchalitchi chinadzaza ndi anthu a pamsika atavala majekete onunkha m'kabati. Wansembe anapempherera mbale yaikulu ya tirigu wophika wothira shuga, anthu analandira aliyense kake m'kapepala, kenako onse analowa m'holo kukamwa khofi ndi kabulande. Mmenemo ndi mmene Evdokia, mkazi wa malemuyo, anabwera kwa Lambros n'kumugwira ndevu ngati akugwira mwana.

"Alamu, zakwana. Mwamulira mokwanira. Mukapitiriza kumusunga pachibwanopa sapuma kumene aliko. Kameteni."

Minas wometa anali atatsegula kale kanyumba kake kometera, ngakhale linali Lamlungu, kuti amete amuna a banjalo. Minas ameneyu ndiye anali mboni ya ukwati wa Lambros ndi Froso, wowagwirira nkhata za ukwati pamutu, moti awiriwo ankaitanana kuti kumbare, ndipo mutu wa Lambros anaumeta kuyambira ali anyamata. Anayamba kumeta asuweni awiri. Lambros anatsalira pakhomo, akusisita chibwano.

"Kumbare, akuchipatala aja anati ndisasinthe kanthu."

"Kanthu kake kati?"

"Thupi. Ndisachepe, ndisanenepe."

"Ndiye ndevu ndi thupi? Utaziika pasikelo zingakwane magalamu angati? Makina oti amaona mkati mwa fupa akalephere chifukwa cha ubweya? Takhala pansi iwe. Ukufuna ukaonekere kwa madokotala tsiku loyamba ngati tonde wothawa m'khola?"

"Tonde ndi bambo ako."

"Bambo anga ankameta. Kweza chibwano."

Ndani wa ife akadaganiza zina? Mlamu wanena, mwambo wanena, kumbare wanena. Munthu amene anasunga ndevu mwezi ndi sabata chifukwa cha mkulu wake, azikane kumeta pa tsiku lomumasula mkulu yemweyo? Lambros anakhala pampando. Minas anapaka thovu, nameta mofatsa, ndipo atafika pafupi ndi chotupa anasiya nthabwala, akuyendetsa lumo mozungulira ngati akusenda dzira. Ndevu zinagwa pansalu zambirimbiri.

Atafika kunyumba Froso anawomba m'manja. "Eee, mwamuna wanga wabwera! Uja ndakhala naye mwezi wonsewu ndimayesa wansembe." M'nyumbamo munamveka kuseka koyamba chichokere Januwale.

Lolemba m'mawa Lambros analowa m'chipinda cha makina atavala shati yosita, kumaso kuli see. Vaya anatembenuka chigoba chili m'manja, n'kuima chomwecho.

"Mayo ine. Bambo Tsiapas, mwatani?"

"Ndameta maliro. Dzulo anali makumi anayi."

Vaya analoza tebulo. Anamugoneka patebulo, namuveka chigoba, nachikhomera mbali zonse. "Tagwedezani mutu." Mutu unagwedezeka. Chibwano chinkasambira m'chigobamo, masaya osakhudza pulasitiki, pamene pakhosi chinali chitathina chifukwa chotupa chinali chitakulako m'sabatayo. Anayesa kumujambula, anayesa kumukonza kagonedwe, anajambulanso. Kenako anaitana dokotala wa cheza, bambo wamtali wa magalasi, amene anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali.

"Sindingayatse makina," anatero. "Mutu ukapendekeka pang'ono, cheza chikagunda mtsempha wa msana, ndipo mudzatsika patebulopa miyendo yosagwira. Tiumba chigoba china, tijambulanso, tiwerengeranso."

"Ikanimo thonje!" Lambros anakuwa mkati mwa chigoba. "Ikanimo nsanza, chilichonse! Ife thumba likakhwepa timalimanga, sititaya mbatatesi! Mutuwu ndiugwira ndekha, sindisuntha, ndalumbira pa manda a mkulu wanga!"

"Bambo, palibe munthu amene sasuntha."

Malo ojambulira anali odzaza mpaka Lachinayi, chifukwa si iye yekha amene ankafa mumzindamo. Kuwerengera kunafuna masiku akeake. Tsiku latsopano loyambira linagwa Lachitatu la sabata yotsatira. Masiku asanu ndi anayi anapita ndi thovu la Minas.

Ali pamalo odikirira basi Froso anafunsa, maso ali kumsewu, "Anakuuza?"

"Anandiuza."

"Iwe unati akuti uzidya."

Froso sanamutukwane. Akadamutukwana bwenzi zili bwino, akadakangana mpaka kunyumba monga mwa masiku onse. Anangomukonza kolala ya shati, basi n'kubwera.

Masiku asanu ndi anayi kwa munthu wabwinobwino si kanthu, anyezi sayamba n'komwe kumera. Kwa khansa ya mtundu umenewu ndi nyengo yathunthu. Anamupatsa mapiritsi oti achepetseko kutupa, koma chotupa chinachoka pa dzira n'kufika pa nkhonya. Kolala inaleka kutsekeka. Anayamba kugona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthawa. Buledi anamusiya, nyama anaisiya, n'kumangomwa msuzi. Froso ankamuyeza khosi ndi tepi yake yosokera m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina anaiponya m'kabati osaitulutsanso.

Loweruka Lambros anakakamira kupita kumsika. Benchi inali m'manja mwa msuweni wina wosadziwa kuitana anthu, mbatatesi zitangounjikana ngati miyala. Lambros anaima kuseri kwa benchi pamalo pake, nakoka mpweya, nakweza mutu kuti akuwe. Chimene chinatuluka chinali kamphepo, ngati tayala lobowoka. Anayesanso. Mayi wina amene anagula kwa iye zaka makumi awiri anamuyang'ana, n'kufunsa msuweniyo kuti, "Nanga bambo aphokoso aja ali bwanji?" Tsiku limenelo mzere wathu wonse unagulitsa monong'ona. Ngakhale wa nsomba, mdani wake wa zaka zonsezi, anangotsegula ndi kutseka bokosi la ayezi osaitana munthu.

Lachitatu chigoba chatsopano chinakwana bwinobwino. Popeza nthawi inali itatha, dokotala wa cheza anasintha, masiku khumi aja anasanduka asanu, koma cheza chake champhamvu. Lambros ankagona patebulo, makina akumuzungulira ndi kulira kwake, iye akuwerenga misewu ya misika m'mutu kuti asachite misala. Ndipo chopweteka n'chakuti cheza chinagwira ntchito. Chinagwira! Pofika tsiku lachisanu chotupa chinali chitafewa, chikubwerera m'mbuyo. Vaya anamugwira dzanja nati, "Mwaona?" Akadayamba Lolemba lija, ndani adziwa.

Koma khosi linali litawonongeka kale. M'masiku odikira aja chotupa chinali chitafinya njira yomezera, ndipo cheza chinawonjezapo zilonda. Akamwa msuzi, wina unkalowera kumapapo, iye n'kutsokomola mpaka misozi. Lachinayi thupi linatentha. Froso anamupeza akunjenjemera pampando mano akugundana, anaitana galimoto ya chipatala, ndipo anamugoneka m'nsanjika yachitatu, chipaipi cha mpweya chili m'mphuno. Chibayo, mapapo onse awiri.

Mawa lake, Lachisanu, pa tsiku lenileni limene analonjeza, asilikali anafika. Anabwera m'chitini chachitsulo chonga cha mkaka, chofuka nthunzi yozizira, dzina la Lambros litalembedwa pambali. Anachiika m'chipinda chozizira cha pansi m'nyumba yomweyo. Dokotala Katsarou anakwera kudzamuuza.

"Afika, bambo Tsiapas."

Lambros anamukodola kuti awerame, chifukwa mawu anali atatsala a kunong'ona. "Aphunzira?"

"Aphunzira. Pepala lawo likuti ndi ambiri, ndipo ndi amphamvu."

"Ndiye akudikira chiyani?"

"Akudikira inu. Owuma sawola, akhoza kudikira. Tichiritse mapapo kaye, thupi lizizire, kenako tikupatseni mankhwala a masiku atatu owakonzera malo. Mukatero muwalandira."

Pakati pa munthu ndi moyo wake panali masitepe basi, oti mwana akhoza kuwatsika akuthamanga.

Minas ankabwera tsiku lililonse. Ankatseka kometera masana, n'kudzakhala pabenchi ya m'khonde chipewa chili m'manja, koma m'chipindamo osalowa. Tsiku lachinayi anatsekereza dokotala panjira.

"A dokotala, ine ndine ndinamumeta. Ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Ndamupha ndine?"

Mayi Katsarou anamuyang'ana. "Chotupa chinali chitakula kale pakhosi. Mwina chigoba chija tikadaumbanso ngakhale ndevu zikadalipo. Mwinanso ayi. Sindikudziwa, bambo, ndipo palibe amene adzadziwe."

Mwina! Munthu wafunsa funso loti agone nalo tulo, akumupatsa mwina. Koma dokotalayo akadati chiyani? Bodza sankalidziwa.

Froso ndiye anatuluka n'kumuimirira kutsogolo. Minas anaweramitsa mutu kudikira mawu amene anawayembekeza milungu itatu. Froso anangoti, "Lowani, kumbare. Akukufunsani."

Minas analowa ngati wopita kukhoti. Lambros anali atachepa pabedipo moti mapewa aja onyamula matumba awiri nthawi imodzi ankaoneka ngati chopachikira malaya. Anamukodola. Minas anawerama. Lambros analoza pachibwano ndi chala.

"Unandicheka apa," ananong'ona. "Zaka zonsezi sunaphunzirebe ntchito, chitsiru iwe."

Minas anagwada pambali pa bedi n'kulira ngati mwana, mpaka bambo wa pabedi linalo anatembenukira kukhoma.

Anasintha mankhwala a chibayo kawiri. Sabata yachiwiri thupi linazizira masiku awiri otsatizana. Lambros anamwa theka la kapu ya yogati osatsamwa. Dokotala anati zikapitirira choncho, Lolemba ayamba mankhwala a masiku atatu aja. Froso anathamangira kunyumba kukasita zovala zogonera zatsopano, nauza Evdokia, Evdokia nauza msika wonse. Wa nsomba uja anakayatsa kandulo kutchalitchi, munthu woti chitseko chake sankachidziwa.

Lamlungu masana thupi linatenthanso, kuposa kale. Mkodzo unachepa. Mimba inayamba kufufuma. Atamujambula anapeza kuti pamene onse ankayang'ana pakhosi ndi m'mapapo, khansa inali itamera m'mimba, kuzungulira impso, malo ambirimbiri oti cheza sichingawatsate.

Dokotala Katsarou anabwera Lolemba m'mawa, tsiku lomwe lija loyambira, nakoka mpando n'kukhala. Anali asanakhalepo pansi m'chipindamo. Froso atangoona mpandowo anadziwa.

"Bambo Tsiapas, impso zatopa, mapapo sanachire. Mankhwala a masiku atatu aja akhoza kukuphani asanathe. Popanda iwo asilikali sangagwire. Sitingathe kukupatsani."

"Sabata yamawa?" anafunsa Froso.

"Ayi, mayi. Sindikuona sabata imene tidzathe."

Lambros anayang'ana kudenga. Kenako analoza ndi chibwano bedi linalo. "Apatseni awo. Ali ndi ana atatu. Matenda ndi omwewa."

"Sizitheka. Anasulidwa a inu nokha. M'thupi la munthu wina akasanduka adani."

"Katundu wabwinobwino," ananong'ona Lambros. "Wosagulitsika, wosapatsika." Anatseka maso. "Ine sindinatayepo katundu wabwino."

Anamwalira Lachinayi masana, nthawi imene pamsika timayamba kutsitsa mitengo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi. Froso anali atamugwira phazi, chifukwa manja onse anali ndi mapaipi.

Madzulo a tsiku lomwelo Froso anapita ku ofesi ya dokotala kukatenga mapepala a maliro, chikwama cha zovala za mwamuna wake chili m'manja. Atalandira mapepalawo sananyamuke.

"A dokotala, kathumba kaja. Ndikufuna kakalowe naye m'bokosi."

"Mayi Froso, sindingathe. Lamulo silola. Asilikali aja anasinthidwa, satuluka m'chipatala m'manja mwa munthu."

"Ndiye mukatani nako?"

Dokotala anayang'ana patebulo. "Katenthedwa."

"Ife anthu athu sitiwatentha. Inunso mukudziwa, ndinu wa konkuno."

"Si munthu, mayi."

"Anatuluka m'mkono mwake ine ndikuona ndi maso angawa. Magazi ake, dzina lake lili pachitinipo. M'thupi lake lonse ndi okhawo amene sanadwale." Froso anaika chikwama pansi. "Ndiuzeni chinthu chimodzi. Panopa ali moyo?"

Mayi Katsarou akadatha kunena kuti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndanena kale, bodza sankalidziwa.

"Ali moyo. Owuma, koma ali moyo."

"Ndiye mawa tikaika wakufa m'manda mwaulemu, ndi wansembe, ndi maluwa. Wamoyoyo mumutentha pamodzi ndi mabandeji."

Froso anafunsa tsiku lake. Dokotala anati sakudziwa bwino, pali mapepala oti asainidwe kaye, galimoto yotenga zotere imabwera kamodzi pa sabata. Froso anafunsa ngati angadzakhalepo. Dokotala anati ayi.

Anatola chikwama chake n'kutuluka. Sanakwere chikepe, anatsika masitepe limodzilimodzi mpaka pansi, nayenda m'khonde lalitali akuwerenga zikwangwani mpaka anapeza chitseko chachitsulo cha chipinda chozizira. Chinali chokhoma. Anaika dzanja pachitsulocho, n'kuima pomwepo, chikwama chili kudzanja linalo. Anamwino ankamudutsa, ena kumuyang'ana, ena ayi. Anaima choncho mpaka mlonda anabwera n'kumuuza mwaulemu kuti, "Pepani mayi, abale saloledwa kuima pano."